Tindodo ta Dona

Lolemba, 19 Ogasiti

Masiku khumi ndi awiri basi. Pa 31 tikusamuka, eni nyumba agulitsa. Makatoni mbwee pabalaza.

Chigamulo chagwa m'mawa ndikumwa tiyi. Mayi a kunyumba ali pamakina awo osokera, singano pakamwa, osandiyang'ana n'komwe: "Galimoto yanuyo ikatuluka pageti yokha, ndi injini yake, tipita nayo. Ikakanika pofika 12 koloko tsiku losamukalo, a Sikelo adzaitenga. Ine sindisamuka ndi mtembo." A Sikelo ndi aja ogula zitsulo zakale, oyenda ndi sikelo pathiraki. Zaka zitatu akumuzonda Dona wanga, galimotoyo. Akafika amayamba kupereka moni kwa galimoto, ine pambuyo.

Ndavomera. Ndavomera ndikuseka, mpaka Mayi anachotsa singano pakamwa. Amayesa ndidandaula!

Zaka khumi ndi chimodzi Dona ali pa njerwa kuseri kwa nyumba, injini yomasula. Ndidaimasula mwezi womwe kampani yathu ya mathiraki idatsekedwa. Ndimati tsopano nthawi ndili nayo. Nthawi inalipodi, mtima ndiwo panalibe. Koma chaka chino ndakhala ndikugwira mwakachetechete. Mapisitoni alowa. Kamu yalowa. Hedi, chigawo cha pamwamba pa injini, yabwera kuchokera kwa mmisiri yosalala bwino. Kwatsala zapamwamba zokha, ntchito ya masiku atatu kwa munthu wodziwa ngati ine.

Malifita onse asanu ndi atatu ndawapeza pamwamba pa wodirobu, m'thireyi ya mazira momwe ndidawasiya, iliyonse pa nambala yake. Ndanyadira ndekha. Lifita imazolowerana ndi malo ake pa kamu, ukazisokoneza zimadyana. Mapushirodi ndiye zina. Ndidawabaya pa katoni mondondozana, katoniyo chiswe chidadya kalekale. M'shedi ndapeza atatu okha, asanu sindikudziwa. Palibe nkhawa, mawa ndikagula atsopano.

Mwana wanga wamkazi anaimba foni masana, akufunsa kuti pushirodi n'chiyaninso. Ndamulongosolera bwinobwino: kamu ikazungulira imatukula lifita, kachitsulo kokhala ngati kakapu. Lifita imakankha kandodo kachitsulo, ndiyo pushirodiyo. Kandodo kamakankha roka, roka n'kutsegula valavu kuti injini ipume. Yankho lake: "Ababa, mwayambanso matenda aja?" Inde ndayambanso.

Lachiwiri, 20 Ogasiti

Ndagula! Tindodo tisanu ndi titatu tatsopano, m'kabokosi kake, tokulungidwa m'pepala la mafuta. Tonyezimira. Wa m'shopu ya masipeya anatsegula buku lake, n'kuloza ndi chala: "Ndi tomweti madala, musakayike." Pobwerera m'minibasi ndinatsegula kabokosi katatu kungoyang'ana. Mayi wina pambali panga anasuntha, amayesa ndanyamula zoopsa.

Kunyumba ndinatiyala patebulo kuti Mayi aone. Sanasangalale. "Chotsani girizi wanu pafupi ndi nsalu za eni ake." Ali ndi mayunifolomu a sukulu ina oti apereke Lachisanu la sabata yamawa, kusamuka kusamuka. Makina akulira kuyambira m'mawa, phazi silikuchoka pa chopondera.

Matayala anayi ndapopa, atatu akugwira mpweya. Lachinayi likupuma pang'onopang'ono, ndilimata. Batire andilonjeza aneba. Thanki ya petulo ndaitsuka, mwatuluka dzimbiri ndi zisa za mavu. Ndakhala pampando wa dalaivala mphindi zingapo, manja pachiwongolero. Fungo lomwe lija la chikopa chakale. Mtima ukugunda ngati wa mnyamata wokafunsira.

Mawa Dona avala tindodo take. Lachisanu alira. A Sikelo akapime mphepo.

Lachitatu, 21 Ogasiti

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Malifita analowa bwino, iliyonse kubowo kwake, ndi oyilo. Ndatenga kandodo katsopano koyamba, ndatsitsa. Sikakukhala. Kandodo kakale kamagwera m'kakapu ka lifita n'kumveka kuti kafika kwawo. Aka kakungovinavina pamlomo. Ndayesa kachiwiri, chimodzimodzi. Ndamanga roka mokakamiza kuti ndione: valavu yatseguka yokha kamu isanazungulire n'komwe. Ndayerekeza ndi kakale patebulo. Katsopano n'kotalikirapo, mwina ngati chikhadabo, mutu wakenso ndi wonenepa.

Ndathamangira kushopu. Mnyamata wa buku uja akuti buku silinama. Ndamuuza kuti buku silinayendetsepo galimoto. Tinakwezerana mawu pang'ono, ine makamaka.

Ndiye kwa a Magalasi, mmisiri wosema zitsulo amene adandikonzera hedi, aja amavala magalasi awiri nthawi imodzi. Anapima ndi kachipangizo kawo, ine ndikupondaponda. Akuti injini ya Dona ndi ya zaka zoyambirira. Patapita zaka zingapo opanga adasintha malifita, n'kusinthanso tindodo, dzina la galimoto n'kusiya lomwelo. Zimene ndagulazi ndi za injini yam'mbuyo. Ndafunsa ngati ndingagule malifita atsopano ogwirizana nato. Aseka: "Malifita atsopanowo afuna kamu yatsopano, kamuyo ifuna zake. Ukakwatira kumeneko wakwatira mtundu wonse." Nanga kungosema mutuwo uchepe? Ayi. Kulimba kwa mutu kuli pakhungu pokha, ukasema wafika pofewa, sabata imodzi watha. Nanga kupanga tatsopano? Kusema angaseme, koma woumitsa zitsulo pamoto adzabwera mwezi wamawa.

Mawu awo omaliza: "Kafuneni takale. Chitsulo sichisowa, chimangosintha ntchito."

Safunsa anadya phula. Ndikanayamba kwa iwowa dzulo.

Lachinayi, 22 Ogasiti

Ulenje wayamba, ndipo zikuyenda!

Nzeru zanga zakale zandipulumutsa. Pomasula paja ndidadula timizere ndi tupa pa kandodo kalikonse, mzere umodzi nambala 1, iwiri nambala 2, choncho. A Magalasi akuti ndi khalidwe loipa kukanda pushirodi. Loipa kapena labwino, lero ndikudziwa chimene ndikufuna. Ta m'shedi tija ndi 1, 2 ndi 7.

Ndinaima pakati pa khitchini kuganiza koyambira. Maso anga pawindo. Windo lija lomwe limagwa lokha, lochirikizidwa ndi kachitsulo chiyambire. Ndakhala ndikutsegula ndi kutseka windo limeneli ndi dzanja langali zaka zonsezi! Mizere inayi. Nambala 4. Ndinakuwa mpaka Mayi anabwera akuthamanga, amayesa ndapsa. Ataona, akuti: "Ndiye windo ligwire ndani?" Ndaikapo supuni yamtengo.

Nambala 8, pachitseko cha khola la nkhuku, ndiko kotsekera. Kadetsedwa ndi zitosi koma mitu yonse ili bwino. Ndamangapo waya. Nkhuku zimandiyang'ana ngati wakuba.

Tisanu tsopano. Ndatitsuka ndi palafini, ndagubuduza kamodzikamodzi pagalasi la tebulo kuona ngati kali kowongoka. Kopindika kamadumphadumpha. Tonse tagubuduka mosalala. Ndinavina pang'ono, palibe anaona.

Ndafunsa Mayi ngati akudziwa kuli tina titatu. Anadula ulusi kaye. Kenaka: "Zengerezu adalinda kwawukwawu. Mukanamanga chaka chomwecho mukanafunsa ndani?" Phazi pa chopondera, nkhani yatha.

Lachisanu, 23 Ogasiti

Nambala 3! M'chitini cha maluwa pakhonde, kakuchirikiza duwa la mwana wanga lija adabzala asanakwatiwe. Theka linali m'dothi. Dzimbiri pathupi, koma mwamwayi mutu umene unali pansi udakali ndi girizi wouma. Sandipepa wosalala, mafuta, kupukuta ola lathunthu. Kawala. A Magalasi akuti kagwira ntchito.

Tisanu ndi kamodzi. Kwatsala 5 ndi 6.

Ndatembenuza shedi yonse. Ndapeza sipanala nambala 13 imene ndidamukalipira mwana wanga wamwamuna kuti wataya, ali wamng'ono. Ndamuimbira kupepesa. Akuti sakukumbukira n'komwe. Za tindodo akuti ankatenga kamodzi kokumbira nyongolotsi, koma adabweza. Kubweza kuti? Sakudziwa.

Mayi akuti ndikumasula makatoni omwe iwo amanga kale. Zoona, ndamasula asanu ndi awiri. Ndamanganso, koma osati mmene iwo amamangira.

Tayala lija ndamata. Mabuleki ndatulutsa mpweya, aneba akupopa ndi phazi ine ndili pansi. Dona watsika pa njerwa, waima pa mapazi ake koyamba. Wokongola bwanji, ngakhale penti yasuwa.

Loweruka, 24 Ogasiti

Ha! Alamu anga! Mchimwene wawo wa Mayi, ahedi a sukulu ya pulayimale kutsidyaku. Anabwera kudzathandiza kumanga katundu, kapena tinene kudzadya. Ataona tindodo patebulo akuti: "Timeneti n'tabwino, kamodzi kamandiimbira belu kusukulu." Ndinatsamwa madzi.

Akuti adakatola m'shedi mwanga zaka zisanu ndi zitatu zapitazo, ndipo akuti adandipempha ine n'kuvomera. Bodza. Kapena zoona, nthawi imeneyo ndinkavomera chilichonse. Belu lawo ndi limu yakale ya tayala la thiraki yopachika pamtengo. Pushirodi ya Dona kumamenya limu kasanu patsiku!

Ndinawakoka tipite pompo. Njira yonse akundiseka: "Alamu, mlongo wanga mudamukwatira ndi galimotoyi, ikapita kwa a Sikelo ukwatinso tiunikanso." Ndawauza kuti Dona akalira iwo sadzakwera, adzathamanga pambuyo ndi belu lawo.

Kanali kolendewera pa chingwe. Mizere isanu. Kapindika pang'ono pakati, pagalasi kakudumpha. Ndathamangira nako kwa a Magalasi asanatseke. Anakaika pa zitsulo ziwiri, kusindikiza pang'ono, kupima, kusindikizanso. Theka la ola. Atakagubuduza kanayenda kosalala. Ndikanawapsompsona pachipumi.

Alamu ndawapatsa bawuti yayikulu yoimbira belu. Akuti mawu ake sakukoma ngati kale.

Tisanu ndi tiwiri! Kamodzi kokha. Sabata yathunthu ilipo. Nyumba yake ndi yomweyi, kabisala kuti?

Lachiwiri, 27 Ogasiti

Palibe.

Kudenga, pansi pa mabedi, m'ngalande, m'thanki ya chimbudzi, kudzala ndakumba ndi khasu. Kwa aneba mbali zonse ziwiri. Palibe.

Lero ndadzichepetsa, ndapita kubwalo la a Sikelo komwe. Milu ya zitsulo. Ndafufuza maola atatu padzuwa. Anandilandira bwino, mpando ndi madzi ozizira, ndipo n'chimene chandipweteka kwambiri. "Injini zotere tidatumiza kosungunula kalekale, bambo. Loweruka ndibwere nthawi yanji, 11 kapena 12?" Ndati abwere adzaone fumbi.

Pakamwa ndimalimba. Pakamwa pokha.

Ndamanga tisanu ndi tiwiri tija pamalo pake, kalikonse pa lifita yake. Tagwera m'tikapu bwinobwino, kumva kukoma m'dzanja. Bowo lachisanu ndi chimodzi likundiyang'ana. Ndinaganiza zoyesa kuliza choncho, masilinda atatu. Koma lifita yopanda kandodo ingadumphe m'bowo n'kuwononga za m'kati. Sindingamuchite zimenezo Dona.

Mayi sakuyankhulanso za galimoto, ngakhale kunditonza. Zachilendo. Mwina atopa, mayunifolomu akadali mulu.

Lachinayi, 29 Ogasiti

Ndakapeza.

Masana bobini ya Mayi inagwa n'kugubudukira pansi pa makina. Iwo anati ndiisiye atola okha, ine ndinali nditagwada kale. Pansi pa makina pali kandodo kolumikiza chopondera ndi gudumu, kamene kamakwera ndi kutsika phazi likamaponda. Theka lakumtunda ndi chitsulo chake chakuda. Theka lakumunsi, lomangidwa ndi kachitsulo kopanira ka mabawuti awiri, lowala ndi mafuta. Ndinawerenga ndi chikhadabo. Mizere isanu ndi umodzi.

Ndinatuluka pansipo ndikufuna kukuwa ndi chimwemwe, komanso kukalipa. Sabata yonse ndikukumba kudzala iwo akudziwa! Ndinayamba ndithu: mayi, chifukwa chiyani?

Sanakweze mawu. Anaimitsa gudumu ndi dzanja. Akuti chitsulo cha makina chidathyoka chaka chomwe kampani idatsekedwa, mwezi wachitatu ndili pakhomo, ntchito ya eni ake ili pakati. Wokonza makina adati chatsopano kulibe, apeze kachitsulo kowongoka kolimba, ka mutu wobulungira. Adalowa m'shedi n'kuzula kamodzi pa katoni. "Ndikanakuuzani bwanji? Munkagona kuyang'ana kukhoma tsiku lonse. Ndikanati makinanso afa, mukanadzuka?"

Chaka chimenecho ndimachikumbukira ngati chaka cha tsoka langa, ine ndekha. Chakudya chinkabwera patebulo, ana ankapita kusukulu, ine sindidafunsepo kuti zikuchokera kuti. Ngakhale tsiku limodzi. Zaka ziwiri zathunthu ndisanapeze ntchito ina. Manyazi andigwira mpaka m'makutu mwatentha.

Kenaka anaseka pang'ono: "Galimoto yanu yakhala ikuyenda zaka zonsezi, bambo. Inu nokha ndi amene simumakwera."

Ndinapempha kuti tisinthe pompo, ndiikepo kamodzi ka tatsopano tija. Akana kwamtuwagalu. "Tatsopano tanuto takana galimoto, tidzakanenso makina anga ntchito ili pakati? Palibe wogwira bawuti pano mpaka yunifolomu yomaliza ituluke." Atsala madiresi khumi ndi anayi, mabatani ndi kusita zonse. Akuti akatha mawa madzulo, ngati Mulungu alola. Akapanda kutha, kandodo sikachoka.

Ndiye ndafunsa kuti mabatani amasoka bwanji.

Lachisanu, 30 Ogasiti

Ine, dalaivala wa mathiraki a matayala khumi ndi asanu ndi atatu, lero ndasoka mabatani. Oyamba asanu Mayi anadula onse, akuti ndamanga ngati ndikumanga katundu pa thiraki. Pa lachisanu ndi chimodzi anangogwedeza mutu. Ndinasangalala ngati ndapambana mayeso.

Zala zabayidwa paliponse. Msana ukuwawa. Kusita ndiye ndakhoza, makolala anga akuthwa. Alamu anadutsa masana, anandipeza ndi diresi pamiyendo, singano m'manja. Aseka mpaka kukhala pansi. Akuti akauza sukulu yonse pa asembule. Auze.

Tsiku lonse ndakhala pafupi ndi makina, koyamba m'moyo wanga. Phazi lawo siliima. Bondo lamanja latupa, amalisisita akamasintha ulusi, sadandaula. Ndinkangoyang'ana nambala 6 ikukwera ndi kutsika. Sindinaonepo pushirodi yogwira ntchito chonchi.

Diresi lomaliza linatuluka dzuwa likadalipo. A kusukulu anabwera, anatenga, anayamikira makolala. Mayi sananene kuti wasita ndani, ine ndinanena ndekha.

Atapita, Mayi anagwada okha ndi kasipanala kawo ka m'dirowa, anamasula mabawuti awiri aja. Anakapukuta ndi kansalu asanandipatse. "Nako. Mukasamale, kandilerera ana."

Pagalasi: kowongoka! Koma mutu wakumunsi wadyeka, waphwatalala pang'ono. Poyerekeza ndi anzake kafupika ngati makulidwe a pepala lolimba. Ndakatsitsa m'bowo, kagwera m'kakapu. Pa roka ndamanga sikuluu yosinthira mpata mpaka yatsala pang'ono kuthera, mpata wakwana movutikira. A Magalasi pafoni akuti: "Kangagwire, kangadumphe. Musaponde mafuta ngati mukuthawa apolisi."

Tindodo tonse tisanu ndi titatu tili kwawo. Ndazungulitsa injini ndi dzanja kawiri, mavalavu onse akutsika ndi kukwera motsatana. Ndinaitana Mayi adzaone. Anabwera, anayang'ana nthawi yaitali, akuti: "Kangako ndi kati?" Ndawalozera.

Mawa m'mawa mipata ya ena asanu ndi awiri, chivundikiro, oyilo, madzi, batire. 12 koloko n'kutali. Dona alira, ndikumva m'magazi!

Loweruka, 31 Ogasiti

Ndikulemba nditakhala pa katoni panja pa geti. Ndilembe msanga ndisanaiwale.

Thiraki yosamutsa inafika 8, katundu yense anakwera pofika 10. A Sikelo 11 yeniyeni, ndi tcheni chawo, anaimika thiraki pafupi ndi geti n'kukhala pa bampala. Alamu, aneba, mwana wanga wamkazi ndi mwamuna wake, onse kuseri kwa nyumba ngati pali msonkhano.

Kiyi koyamba, kungozungulira. Kachiwiri, chimodzimodzi. Petulo pang'ono m'kabuleta. Kachitatu anatsokomola. Kachinayi, 11:35, WALIRA! Utsi wabuluu bwalo lonse, nkhuku kubalalika, mwana wanga kulumphalumpha ngati kamtsikana. Mawu omwe aja, sanasinthe. Tindodo tikuimba bwino, kamodzi kokha kakugogoda mokwezerapo, ndikukadziwa. Ndinalira misozi osabisa.

Ndinadikira atenthe pang'ono. Giya yoyamba. Dona wayenda! Kuzungulira nyumba, kudutsa pakhonde, geti ili apo yotsegula. Pamenepa ndiye ndinalakwa. Pali kachitunda pageti, anthu akukuwa, a Sikelo aimirira, mtima wanga unakwera, phazi linatsika. Ndinaponda mafuta kuti amve. Kunamveka kuti kha m'injini. Nambala 6 yadumpha pa roka. Dona anagwedezeka, anatsokomola kawiri, zii. Matayala akutsogolo pa kachitunda, mphuno yokha kunja, thupi lonse m'kati. 11:50.

Kiyi, kiyi, kiyi. Batire ya aneba yafooka. Pomasula chivundikiro pafunika mphindi makumi awiri. Ndinagwetsa mutu pachiwongolero. Pangano ndi pangano, ndidavomera ndekha ndikuseka. Ndinamva tcheni cha a Sikelo chikukokedwa pansi.

Kenaka galimoto inasuntha.

Ndinayang'ana pagalasi. Mayi. Nsapato avula, chikwama pansi, manja onse awiri pabuti, mutu pansi, ndi bondo lotupa lija. Okha. Alamu anafuna kuthandiza, anawabweza ndi diso. Dona anakwera kachitunda pang'onopang'ono, anatsikira mumsewu, ine kungowongola ndi kuponda buleki.

A Sikelo, tcheni m'manja: "Koma mayi, paja munati ituluke yokha."

Mayi akupuma mwawefuwefu, akupukuta manja pa chitenje: "Inu mwaona munthu akukankha? Ine ndatopa ndi kusamuka, ndangotsamira."

Palibe anatsutsa. A Sikelo anayang'ana aliyense, anapinda tcheni, anapita osatsanzika, ngakhale kwa galimoto.

Ndinatsika m'galimoto. Ndinangowagwira dzanja pamaso pa anthu onse. Akuti: "Lekani zimenezo, anthu akuona. Tsegulani boneti tione kanga kaja kachita bwanji."

Thiraki ya katundu yatsogola ndi ana. Tatsala awiri pamsewu, injini ikuzizira. Akundiitana. Agwira kale sipanala, si nambala yake, koma